Amayi Akusungabe Makoko Anu, Bwana

Kwa Mkulu wa Bungwe Lofufuza za Mphamvu za Mawa.

Bwana Mkulu wolemekezeka,

Ndagwada kaye ndisanalembe, ndipo ndikupepesa kuti nkhani ya m'nyumba ndikuyiyala pabwalo. Ndinkafuna kukuonani pamaso. Ndinafika pa geti lanu nditavala malaya osita bwino, koma mlonda wanu ndi munthu wodziwa ntchito. Anandiyang'ana nsapato n'kundiuza kuti muli pa msonkhano. Nditabweranso anati mwapita kunja kukaphunzitsa anthu za makoko. Ulendo wotsatira sanavutike n'kuyankhula, anangopukusa mutu ndikadali patali. Munthu ameneyo mudzamukumbukire pokweza anthu maudindo.

Dzina langa silingakuthandizeni. Ndine uja wa m'kashopu ka fotokope koyang'anizana ndi geti la yunivesite, amene ndimasindikiza ndi kumata mabuku a ophunzira anu akamamaliza. Geti limenelo inenso ndinalowerapo, ndipo ndinaphunzira kemisitiri mpaka pakatikati. Ine ndi yunivesite tinalekana ngati banja losagwirizana: aliyense ali ndi mbali yake ya nkhani, kungoti yoona ndi yanga. Lero anzanga amene ankakopera kwa ine amabwera kudzajambulitsa masatifiketi awo, ndipo ndimawajambulira mowongoka bwino chifukwa ndinaleredwa.

Ndiloleni ndikukumbutseni tsiku lina chaka chatha, limene mwina inu munaliiwala. Munabwera mu holo ya pa msika kudzayankhula ndi ogulitsa malonda. Kudzanja lamanja munanyamula khoko la mtedza, kumanzere kabotolo ka ufa wakuda. Munati khokolo likasanduka ufawo lidzasunga mpweya wa haidirojeni, umene udzayendetse magalimoto popanda utsi. Kenako munakweza mawu: "Makoko musamataye, musamaotche. Sungani pouma. Tidzabwera ndi lole." Anthu anaomba m'manja, anamwa zakumwa zanu zoziziritsa kukhosi, ndipo pofika pa khomo la holo anali ataiwala, monga amachitira anthu anzeru. Munthu mmodzi yekha sanaiwale. Ndi mayi wachikulire wogulitsa mtedza wokazinga pa siteji ya basi, amene munamugwira chanza potuluka n'kumutchula kuti "mnzathu pa kafukufuku". Amenewo ndi amayi anga, Bwana, ndipo timakhala nawo. Chanza chija sichinawachokebe m'manja.

Choncho ndabwera ndi mathokozo anga, ndipo ndawaika m'ndondomeko kuti asakutayitseni nthawi.

Choyamba, ndikuthokoza chifukwa cha nzeru. Pano sindikuseka, chifukwa ntchito yanu ndimaiwerenga ikamatuluka m'makina mwanga ikadali yofunda. Mumatenga khoko, kuliumitsa, kuliotcha mu uvuni mopanda mpweya mpaka lisanduke makala. Makalawo mumawasakaniza ndi mankhwala oyabwa ngati soda n'kuwaotchanso, ndipo mankhwalawo amaboola timabowo tosaoneka ndi maso, tambirimbiri. Akuti mutayala makoma a timabowo ta mu supuni imodzi, mungakute bwalo la mpira. Haidirojeni ndi mpweya wopepuka kuposa wina uliwonse, wosakhazikika, wothawathawa, koma akalowa m'timabowomo amamatirira kumakoma n'kukhala phee. Ndi zokongola ndithu. Supuni imodzi zipinda mamiliyoni! Ine ndikawerenga zimenezi nsanje imandigwira, chifukwa nyumba yathu ya lendi ili ndi zipinda ziwiri ndi pabalaza, ndipo njira yozichulukitsira simunatiphunzitse.

Ndinawerenganso kuti mlendo wanuyo, haidirojeni, amakhazikika bwino pokhapokha mukamuziziritsa koopsa, kuzizira kumene firiji ya m'sitolo singakulote, n'kumupanikiza pamwamba pake. Kukangofunda pang'ono amatsanzika. Akulu anati mlendo ndi mame, ndipo wanuyo ndi mame enieni. Sindikukunyozani, ndikudziwa kuti pamenepo ndi pamene mukulimbana napo, ndipo mwina mudzapambana ana athu atamera imvi. Ndikungoti mu holo muja mbali imeneyi simunaitchule. Mwina nthawi inachepa.

Chachiwiri, ndikuthokoza powapatsa amayi ntchito. Kale ankangogulitsa mtedza n'kubwera kunyumba. Tsopano wogula aliyense amapatsidwa kapepala koti abwezeremo makoko, ndipo amene wataya pansi amadzudzulidwa ngati wataya mwana. Anapangana ndi anzawo osenda mtedza mumsika monse kuti aziwasungira. Madzulo amafika ndi thumba pamutu, kukhala pa mkeka, n'kuyamba kusankha: owola kumbali, onyowa kumbali, abwino m'thumba. Ndipo poti munati pouma, panja sangagone. Pakhonde pamafika mpemera wa mvula. Matumba oyamba analowa kunsi kwa bedi lawo, otsatira pamwamba pa kabati ya zovala. Pamene nyengo yozizira inkatha, chipinda chawo chinali chitadzaza mpaka kudenga, ndipo iwo eni anasamukira pa sofa pabalaza, osadandaula ngakhale pang'ono. Anati msilikali sasankha pogona. Matumba anawatsatira pabalazapo. Lero mlendo akabwera timamupatsa thumba kuti akhalepo, ndipo akasuntha pang'ono limalira khwakhwakhwa, moti sitidziwa ngati akuvomera kapena akutsutsa. Zenera la pabalaza tinalitsanzika kalekale. Chitseko chimatseguka theka, ndipo munthu wonenepa amatipatsira moni ali panja.

Chachitatu, ndikuthokoza chifukwa cha pulogalamu yanu ya pa wailesi. Mumayankhula bwino, Bwana, mawu anu ndi ozizira ngati a dokotala. Amayi saphonya, amatitontholetsa tonse ngati nthawi ya pemphero. Vuto ndi lakuti ophunzira anu ndi akhama. Uyu akayesa makoko a mtedza, mnzake ayesa zitsononkho za chimanga, n'kupeza kuti timabowo take ndi tabwinoko pang'ono. Inu mwachimwemwe mukalengeza pa wailesi, ndipo mawa lake zitsononkho zalowa m'nyumba mwathu. Munalengeza za makoko a nthochi: amayi anawayanika pa chingwe cha zovala, malaya anga akuuma pa chitseko, tintchentche tikuchita msonkhano pabwalo. Munalengeza za nzimbe, ndipo ndinaona mayi wondibala akutola zotafuna za anthu ena pa siteji ya basi, atavala pulasitiki kumanja ngati namwino. Munatchula mankhusu a mpunga, munatchula makoko a anyezi. Chimene simunalengezepo n'chimodzi: kuti zakale zija mwathana nazo. Mumangowonjezera, Bwana, simuchotsera.

Posachedwa ndamata buku la wophunzira wina amene akuyesa zotsalira za ndudu zosutidwa kale. Ndagwira mwendo wanu: zimenezo zisafike pa wailesi. Amayi ndi mayi wa mpingo.

Chachinayi, ndikuthokoza chifukwa cha alendo. Haidirojeni sanafike kwathu, koma ena anamva kuti kuli malo. Mphemvu zinabwera ndi mabanja. Makoswe anabwera kudzaona, anakonda, n'kuitana abale awo. Munthu sungatchere msampha pakati pa matumba, poizoni amayi anakana kuti angaipitse katundu wa bungwe, ndipo kumenya ndi ndodo n'kosatheka chifukwa ungang'ambe thumba. Mwambi uja wakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka ndinkauyesa mwambi chabe, kwathu ndi lamulo la m'nyumba. Tinabwereka mphaka kwa aneba. Analowa, anayang'ana kukula kwa ntchito, n'kutuluka osatsanzika. Eni nyumba atabwera anaima pakhomo, popeza ndi amodzi mwa onenepa aja, n'kufunsa kuti, "Kodi ndinakubwerekani nyumba kapena nkhokwe?" Amayi anawayankha mwaulemu kuti akudziwa zochepa za sayansi, ndipo anawapempha kuti akamadya nthochi aziwasungira makoko.

Chachisanu n'chowawirapo pang'ono, mundikhululukire. Tsiku lina kunabwera mtsikana wina wa mu labotale yanu kudzamatitsa buku lake. Ndinamufunsa mwaulemu kuti pa ntchito yake yonse anagwiritsa makoko ochuluka bwanji. Anaseka, n'kupinda chikhatho chimodzi ngati wopempha mchere. Anati amenewo anamukwanira chaka chonse, otsala anataya. Anati uvuni wanu mkati mwake ndi wopapatiza ngati mpope wa madzi, ndipo makokowo anangotola pansi pomwe anagula mtedza pa geti. Za lole anati sanamvepo, bungwe lili ndi galimoto imodzi, ija mumakwera inuyo.

Sindinamuimbe mlandu mwanayo, ndi mmene kafukufuku amayambira, pa supuni. Inunso ndikukumvetsani. Munthu ukaima kutsogolo kwa gulu, makamera akuyang'ana, mawu akuti supuni sakoma m'kamwa. Lole ndiye imamveka.

Madzulo ake ndinawafotokozera amayi zonsezi, pang'onopang'ono, ndi chikhatho chopinda chomwe. Anandimvetsera akusankha makoko, osadzutsa mutu. Nditamaliza anati, "Iwe unatulukamo pakati, ungadziwe chiyani? Amene anamaliza anati lole." Kenako anawonjezera kuti, "Leka m'banja muno mupezeke mmodzi womaliza chimene anayamba ku yunivesiteko."

Ine pakamwa panga anthu amapaopa, Bwana. Funsani aliyense pa geti paja. Koma tsiku limenelo ndinatuluka panja kukayang'ana makoko a nthochi pa chingwe.

Musaganize kuti sindinayese njira yachidule. Amayi atapita ku msika, ndinatenga matumba angapo akumbuyo kwenikweni n'kukapatsa bambo wina wophika buledi kuti asonkhezere moto. Ndinkati sadzazindikira. Anangolowa, kuyang'ana mulu, n'kukhala pansi. Sanakalipe. Chakudya anakana, ndipo mawu okha amene ananena ndi akuti, "Nanga anthu aja akabwera ndidzawauza chiyani?" M'mawa mwake anapita okha kwa wophika buledi uja, n'kubwerako atasenza amene anali asanapse, limodzilimodzi, ndi msana wawo wokalambawo. Chimwalirireni bambo, amayi ankayenda ngati munthu wopepesa kuti akadali moyo. Chigwirireni chanza chanu amadzuka m'mawa akuyimba, amavala mpango wabwino popita ku siteji, ndipo amauza aliyense kuti akugwira ntchito ndi a yunivesite. Munawawongola msana ndi mawu amodzi, zimene ine mwana wawo ndinalephera. Pamenepa ndikuthokoza popanda chipongwe, ngakhale zikundiwawa kuti ndinu. Ndiye mukuona kuti matumba aja ine sindingawakhudzenso. Munamanga ndinu, womasula ndinu.

Chachisanu ndi chimodzi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani: mkazi wanga ndi woyembekezera, mwana wathu woyamba, ndipo masiku ake ayandikira. Ndi munthu waulemu, apongozi ake sanawayankhepo mokweza. Anapirira fungo la anyezi pa miyezi ija imene ngakhale fungo la sopo linkamusanzitsa. Anaphunzira kudutsa cham'mbali pakati pa matumba, mpaka mimba inakana kudutsa cham'mbali. Matumba atayamba kulowa m'chipinda mwathu n'kukhala pakona pamene tinakonza kuika kabedi ka mwana, anangondiyang'ana. Kabediko kali kwa kalipentala mpaka lero, kopakidwa vanishi, anapiye ake akugonamo, chifukwa pa chitseko chotseguka theka sikangalowe, ndipo kakanalowa kakanaima pamutu pathu.

Tsiku lina anatsegula bokosi limene ankasungamo tizovala ta mwana kuti atiyanike padzuwa. Mu shawelo yoyera, ija anailuka yekha, khoswe anali ataswera. Tiana tofiira, tosatsegula maso, titagona bwinobwino. Sanakuwe. Anatseka bokosi, anapinda zovala zake, anagwada kutsanzika apongozi ake, n'kundiuza pakhomo kuti, "Poti a khoswe ayamba ndiwo kuchira, ine ndikachirire kwa achemwali anga. Fakitale yanuyi ikadzatsekedwa mudzanditenge." Ndinamunyamulira chikwama mpaka pa basi.

Ali komweko. Ndikapita kukamuona amandilandira bwino, amandifunsa ngati ndikudya, kenako amafunsa funso limodzi lomwelo: "Lole yabwera?" Alamu anga, amuna a achemwali akewo, amandipatsa mpando n'kundifunsa ngati galimoto zayamba kuyendera mtedza. Mkazi wanga wanenetsa kuti mwana sadzalowa m'nyumba ya makoswe, ndipo ine sindingamutsutse, chifukwa akunena zoona. Amayi nawo ali ndi chisoni, amamukonda mpongozi wawo. Amati, "Apirire pang'ono, anthu aja sangatinamize, ndi ophunzira." Ndiye ine ndili pakati, Bwana, wina wandigwira dzanja ili, wina ili. Mwana wanga woyamba adzabadwira kwa eni, adzayamba kumwetulira alamu anga, ndipo ine ndizidzapita kukamuona ngati mlendo, nditanyamula shuga.

Mwina mukuti, nanga bungwe lalakwa chiyani, tinangolankhula. Zoonadi simunabe, simunamenye munthu. Inu munazolowera kulankhula ndi anthu amene amadziwa kuti mawu a pa msonkhano amathera pa msonkhano pomwepo. Simunadziwe kuti m'gulumo muli munthu wa mtundu wakale, amene munthu wamkulu akamuuza kuti sunga, amasunga. Otere atsala ochepa, ndipo tsoka lake mmodzi ndi mayi anga.

Ndiye pempho langa nali, ndipo ndalichepetsa kuti likwane mu supuni. Sindikupempha ntchito, ngakhale ndikanaigwira bwino kuposa ena amene ndimawakonzera masipelo. Sindikupempha kuti mundibwezere m'kalasi, ndinakula. Ndalama amayi sanazitchulepo, ndipo mukawapatsa mungawanyoze. Ndikupempha lole. Iliyonse, Bwana, yobwereka, yotulutsa utsi wakuda, yochita kukankha, bola pa chitseko pake mumatepo pepala la dzina la bungwe lanu. Pepalalo ndidzakusindikizirani ine, lamitundu, mwaulere. Osenza musavutike nawo, ndidzasenza ndekha.

M'lolemo mukwere inuyo, chifukwa nthumwi sadzaikhulupirira. Mukafika musalowe, chitseko chathu sichingakuloleni. Muime pakhomo, muwagwirenso chanza, munene zinthu ziwiri zokha: kuti mwathokoza, ndiponso kuti zakwana, asasungenso. Mawu achiwiriwo muwanene momveka ngati mmene munanenera lole, ndipo mutchule chimodzichimodzi, mtedza, chimanga, nthochi, nzimbe, mpunga, anyezi, chifukwa chimene mudzaiwale chidzapitirira. Za chikhatho chopinda musatchule. Za kuzizira musatchule. Munthu amene anatha kunena lole pamene panali supuni sangalephere kunena kuti katundu wafika pa nthawi yake.

Muchite changu, Bwana, ngati misonkhano ikulolani. Kafukufuku amadikira, koma mwana akafuna kubwera safunsa mlonda.

Kumene mukapite nawo matumbawo ndi nkhani yanu, sindidzafunsa. Mukaotche, mukakwirire, mukagawire ophunzira anu kuti adzasiyire zidzukulu zawo. Chimodzi chokha ndikupemphani manja ali pachifuwa: dalaivala wanu asakatsitse pa dzala lija la kuseri kwa depoti ya mabasi, ngakhale lili pafupi ndipo lingakupulumutsireni mafuta. Amayi amadutsa pamenepo m'mawa uliwonse popita ku siteji, ndipo thumba lililonse analisoka pakamwa ndi dzanja lawo, ndi ulusi wobiriwira. Adzalizindikira.

Ndine wanu wodzichepetsa, monga momwe ndingathere,

Womata mabuku wa pa geti.